Alonda a usiku a ku Cajamarca: akusiyana pati ndi mbava zimene amasaka?

Anthu a m'mudzi akatopa ndi akuba n'kuyamba kudzilondera okha, pamabuka funso limene anzeru ndi atsogoleri a chipembedzo akhala akulimbana nalo kuyambira kale. Kodi gulu la amuna oyenda usiku ndi zikwapu m'manja, ogwira munthu n'kumulanga popanda woweruza wa boma, likusiyana pati ndi gulu la mbava limene likulisakalo? Onse amayenda mumdima, onse ali ndi mtsogoleri ndi malamulo awo, ndipo onse amaopedwa. Funsoli limaoneka bwino m'mbiri ya alonda a kumidzi a ku Peru, amene eni ake amawatchula kuti rondas campesinas.

Ulondawu unayamba mu Disembala 1976 m'mudzi wa Cuyumalca, m'boma la Chota, chigawo cha Cajamarca, kumapiri a Andes kumpoto kwa dzikolo. Anthu a kumeneko ndi alimi a minda ing'onoing'ono, olima chimanga ndi mbatata ya kachewere, oweta ng'ombe zowerengeka. Banja likakhala ndi ng'ombe ziwiri, imeneyo ndiyo banki yake: mwana akadwala kapena maliro akagwa, amagulitsapo imodzi. M'zaka za m'ma 1970 chuma cha Peru chinalowa pansi, ndipo magulu a akuba ziweto anachuluka mpaka mabanja ena ankalowetsa ziweto m'nyumba usiku. Wakuba akagwidwa n'kuperekedwa kupolisi, nthawi zambiri ankabwerera kumudzi patangopita masiku ochepa, ziphuphu zitagwira ntchito yake. Chimene chinafikitsa anthu pamapeto n'chakuti sukulu ya m'mudzimo inathyoledwa mobwerezabwereza. Régulo Oblitas, yemwe anali woimira boma m'mudzimo, anapempha msonkhano kuti amuna azisinthana kuyendera njira usiku, ndipo anthu anavomera.

Kachitidwe kake kanali kosavuta. Mwamuna aliyense wamkulu anali ndi usiku wake, ndipo wojomba ankapatsidwa chilango. Amuna ochepa, atafunda ma poncho aubweya ndi kuvala zipewa zoluka, ankaima pamphambano m'chisanu cha kumapiri ali ndi ndodo, zikwapu ndi tochi, akutafuna masamba a coca kuti tulo tisawabe. Wodutsa usiku ankafunsidwa kumene akuchokera ndi kumene akupita. M'zaka zochepa kuba ziweto kunatsika kwambiri, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ulondawu unali utafalikira m'midzi yoposa 3,000 ya kumpoto kwa Peru.

Kuti njira inagwira ntchito sizitanthauza kuti inali yolungama, pakuti zigawenga nazonso zimatha kuthetsa umbava m'dera limene zalanda. Augustine, bishopu wa ku Hippo, anaganizapo za nkhaniyi m'buku lake la De civitate Dei, limene analemba mzinda wa Rome utalandidwa mu 410. Iye anaona kuti gulu la achifwamba lili ndi zonse zimene ufumu uli nazo: mtsogoleri, pangano lomanga mamembala, ndi lamulo logawanira zolanda. Chosiyanitsa ziwirizi, malinga ndi iye, si kukula kapena mphamvu koma chilungamo, ndipo ufumu umene wachitaya wasanduka gulu lalikulu la achifwamba. Ganizoli limacheka mbali ziwiri. Limauza mlimi wa ku Chota kuti wapolisi wodya ndi mbava sangadzitchinjirize ndi yunifolomu, ngakhale kalata ya kwa Aroma ya m'Baibulo imaphunzitsa kuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu. Limamuuzanso kuti iye mwini sangadzitchinjirize ndi umphawi wake, kapena ndi ng'ombe imene anaberedwa, ngati chilango chimene akupereka n'chopanda chilungamo.

Alonda a ku Cajamarca anayankha funsoli ndi zochita osati ndi mabuku, ndipo yankho lawo lalikulu linali msonkhano. Wogwidwa sankaweruzidwa ndi amene amugwira okha. Ankamubweretsa pamaso pa mudzi wonse, woberedwa ankalankhula, woganiziridwa ankayankha, achibale ndi anansi ankaponyapo mawu, ndipo zimene agwirizana zinkalembedwa m'buku n'kusainidwa. Atsogoleri a ulonda ankasankhidwa ndi msonkhano womwewo, umene unkathanso kuwachotsa. Gulu la mbava limagamula nkhani zake mobisa ndipo siliyankha kwa anthu amene limawavutitsa; ulonda wabwino unkagamula poyera, pamaso pa anthu amene mawa lake udzakumana nawo kumunda ndi kutchalitchi.

Yankho lina, lomwe ndi lakuya koposa, linali m'cholinga cha chilango. Chilango chodziwika kwambiri chimatchedwa cadena ronderil. Wolakwa amaperekedwa kuchokera kumudzi wina kupita kumudzi wina, usiku akulondera pamodzi ndi alonda, masana akugwira ntchito ya chitukuko monga kukonza msewu kapena kumanga pasukulu. Amamva chisanu chimene anzake akhala akumva chifukwa cha iye, ndipo nkhope yake imadziwika m'midzi yonse yozungulira, moti kubanso kumakhala kovuta. Pomaliza amabweza zimene anaba kapena mtengo wake, amalonjeza pamaso pa anthu kuti wasiya, ndipo amabwerera kwawo. Ena mwa otere anadzakhala alonda iwo eni. Apa pali chiphunzitso cha munthu chimene ndende ya boma ilibe: wakubayo ndi mwana wa m'mudzi, ali ndi mayi wake ndi ana ake, ndipo mudzi umene ungomutaya wadzichepetsera manja olima. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale atagwidwa ndi chingwe cha ng'ombe m'manja.

Maganizo oterewa sanangogwa kumwamba. Mu 1968 mabishopu a Katolika a ku Latin America, atasonkhana ku Medellín, ananena kuti dongosolo losunga anthu ambiri mu umphawi ndi mtundu wa nkhanza. Mu 1971 wansembe wa ku Peru, Gustavo Gutiérrez, anatulutsa buku lake lofotokoza chikhulupiriro kuchokera kumbali ya osauka. Ku Cajamarca, bishopu José Dammert, amene anatsogolera dayosiziyo kuyambira 1962 mpaka 1992, analimbikitsa kuphunzitsa akatekisiti a kumidzi, makamaka ku Bambamarca. Alimi amenewa anazolowera kuwerenga Baibulo pagulu, kuyendetsa msonkhano ndi kulankhula pamaso pa akuluakulu osanjenjemera, ndipo ambiri anadzakhala atsogoleri a ulonda. Zipani zandale nazo zinalowererapo n'kumakanganirana gulu la alondali.

Umbava utachepa, alonda sanabalalike. Anayamba kuweruza milandu ya malire a minda, ngongole, cholowa, ndi abambo othawa kusamalira ana. Pankhani ya umphawi, ichi chinali chachikulu kuposa mmene chimaonekera, chifukwa mlandu wa kukhoti kutauni unkatha zaka ndipo unkadya ng'ombe yomweyo imene anthu akulimbirana, pamene msonkhano wa m'mudzi unkautha m'masiku ochepa popanda loya. Amayi anakhazikitsa magulu awo olimbana ndi amuna omenya akazi awo. Ulonda unkamemanso anthu kukumba ngalande zothirira ndi kulambula misewu. Komabe umphawi wokhawo sunachoke. Cajamarca ikadali m'gulu la zigawo zosauka kwambiri m'Peru, ngakhale muli mgodi waukulu wa golide wa Yanacocha umene unayamba kukumbidwa mu 1993. Ulonda ungateteze ng'ombe imene ilipo, koma sungakulitse munda umene wagawidwa kwa ana asanu, ndipo anyamata amapitabe kukagwira ganyu kumadera a m'mphepete mwa nyanja ndi kuminda ya khofi.

Pali mbali ina imene wokonda alondawa sayenera kuibisa. Chikwapu chinalipo ndipo chilipobe. Oganiziridwa ena ankamizidwa m'madzi ozizira usiku kuti avomere mlandu, ena anamenyedwa koopsa, ndipo anthu oganiziridwa ufiti anazunzidwapo. Munthu wovomera chifukwa cha ululu sanaweruzidwe, wangogonjetsedwa. Pamene izi zachitika, kusiyana kumene Augustine ankafuna kwafufutika, ndipo kuchuluka kwa anthu ovomereza sikukubwezeretsa, pakuti mudzi wonse ungathe kulakwa pamodzi. Chenjezo lina linachokera kumwera kwa dzikolo. Pankhondo yolimbana ndi zigawenga za Sendero Luminoso, imene inayamba mu 1980, magulu ena a alimi a ku Ayacucho, otchedwanso rondas, anaikidwa pansi pa asilikali ndipo boma linawapatsa mfuti. Bungwe limene linafufuza choonadi cha nkhondoyo, m'lipoti lake la 2003, linapeza kuti maguluwa anathandiza kwambiri kugonjetsa zigawengazo, komanso kuti ena mwa iwo anapha ndi kuzunza anthu. Ku Cajamarca, kumene alonda ankayankha kwa msonkhano wa mudzi osati kwa mkulu wa asilikali, Sendero inalephera kuzika mizu m'midzi yambiri ya ulonda.

Boma la Peru linatenga nthawi kuti lipeze pogwira. Linavomereza alondawa ndi lamulo mu 1986, koma ambiri anapitirizabe kuimbidwa milandu yosunga munthu mokakamiza ndi yolanda ntchito ya boma. Malamulo aakulu a dziko a 1993, m'ndime 149, analola midzi ya alimi kuweruza milandu motsatira mwambo wawo mothandizidwa ndi alonda, malinga ngati sakuphwanya ufulu wachibadwidwe wa munthu. Lamulo lina linabwera mu 2003, ndipo mu 2009 oweruza a khoti lalikulu anagwirizana kuti alonda ali ndi mphamvu yoweruza m'midzi yawo. Mphamvuyo anaiikira malire: mlonda amene wazunza munthu, kapena kumulanga osamupatsa mpata wodziteteza, amayankha mlandu kukhoti ngati munthu wina aliyense.