Ng'oma ndi Ndodo

Anthu 50 akayenda pamodzi mumseu, naponda onse phazi limodzi, woima pambali sakhoza kudziwa cimene ciri m'mitima yao. Kapena ayenda cotero cifukwa akondwera, kapena cifukwa aopa. Akaidi opita kukalambula mseu ayenda mumzere, ana a sukulu otsata ng'oma ayendanso mumzere, ndipo pfumbi lao ndi limodzi. Tsono funso limene tiyenera kuliganizira ndi ili: kumvera kwabwino ndi kumvera koipa tidzakusiyanitsa bwanji, popeza maonekedwe ace ali amodzi? Funsoli likhudza mphunzitsi koposa, koma likhudzanso kholo, mkuru wa mpingo ndi nyakwawa, pakuti onsewa ali nao anthu owamvera.

Tiyambe tafunsa kumene kuguba kunacokera. Angoni a kwa M'mbelwa anali nayo ingoma kuyambira kale, m'mene amuna aponda pansi pamodzi atagwira zishango. Koma kuyenda m'mizere potsata lipenga kunadza ndi asilikari a King's African Rifles. Ambiri a makolo athu anakudziwa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, ndipo anakudziwa ndi misozi. Boma linafuna amuna osenza akatundu a nkhondo, amene tiwati amtengatenga. Iwo anayenda maulendo atali m'dziko limene linali la Ajeremani, ndi ambiri anafa ndi njala ndi nthenda osaonanso kwao. M'caka ca 1915 Inkosi Chimtunga Jere anakaniza anthu ace kupita ku nchito imeneyo, ndipo Boma linamcotsa pa ufumu ndi kumpitikitsira kutali kum'mwera. Uku ndiko kuyenda kwa ndodo: phazi liri lako, koma ulendo uli wa wina.

Koma taonani cimene anacita opulumuka. Atabwera kwao sanataya kuguba, koma anakusandutsa gule: malipenga kwa Atonga a kunyanja, mganda kuno kumtunda ndi ku Kasungu, beni kwa Ayao. Anyamata a m'mudzi anapangana okha, nadzisankhira mfumu ya gule ndi akapitao ace, nabvala zoyera zocapa bwino. Posowa malipenga a mkuwa anaboola zikho, namatapo kansaru koyera ka kangaude, nayimbiramo. Palibe mthenga wa Boma anawaitana, palibe anawalipira. Mizere inali yomweyo ndi mapazi omwewo, koma tsopano mwini phazi ndiye anafuna ulendo.

Ku Embangweni kunacitika cinthu cofanana naco pa nyimbo za Mulungu. Amisyoni oyamba anadza ndi nyimbo za kwao, ndipo anthu anaziyimba momvera, koma monga mwana wobvala malaya a atate wace. Donald Fraser, amene anakhazika misyoni pamenepo m'caka ca 1902, anachera khutu ku mayimbidwe a Angoni, nalimbikitsa Akristu kupeka nyimbo zao, nawacitira mipikisano ya kuyimba. Pamenepo anaoneka amisiri onga Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula, amene anatenga mayimbidwe a makolo nawapatsa mau atsopano. Fraser anacoka m'caka ca 1925, namwalira mu 1933. Koma nyimbozo ziri m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo ziyimbidwa kufikira lero pa maliro ndi pa mgonero, popanda munthu woimirira ndi ndodo. Zina zinatembenuzidwa m'Cingerezi, nizilowa m'mabuku a nyimbo a tsidya la nyanja. Mphunzitsi anapita, nyimbo inatsala.

Ine ndinaona mitundu yonse iwiri ya kuguba ndiri mwana, pa sukulu ya kumudzi kum'mwera kwa Mzimba, masiku a cipani cimodzi, cisanafike caka ca 1994. Bandi yathu inali ndi ng'oma yaikuru ya cikopa ca ng'ombe, ting'oma tiwiri, ndi zitoliro zowerengeka. Tsiku lakudza mlendo wamkuru tinaima m'mbali mwa mseu kuyambira mamawa, dzuwa liri pamutu, m'mimba mulibe kanthu. Ndipo tinaguba bwino ndithu, pakuti panalibe kholo lolimba mtima kuletsa mwana wace. Koma Lacisanu madzulo, pamene panalibe wotiona koma mbuzi, tinathamangira ku bwalo tokha, ngakhale amene kwao kunali kutali.

Pa bwalopo mphunzitsi wathu wa nyimbo anatiphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, woomba ng'oma yaikuru asafulumire pa citsikiro, angakhale mtima wace ufuna. Pakuti a kumbuyo saona mphunzitsi, akhulupirira ng'oma yokha, ndipo iye akanama onse apunthwa. Caciwiri, oyimba zitoliro asapume onse nthawi imodzi. Wina apume pamene mnzace ali kuyimba, kuti nyimbo isaduke. Cacitatu, wamtali afupikitse phazi lace, cifukwa muyeso wa ulendo ndiwo mwendo wa mwana wamng'ono wa m'mzere. Atatiuza izi ankapita kukakhala pansi pa mtengo, manja ali pa maondo, natileka tizungulire bwalo tokha. Ndipo pamene tinakhota pa ngodya mzere wosasweka, nkhope yace inawala monga ya munthu amene nkhokwe yace yadzala.

Tsopano, nditaphunzitsa nyimbo zaka zambiri, ndidziwa cimene cinamkondweretsa. Pali tsiku limene mwana amene anangotsata anzace ndi pakamwa amva mwini yekha kuti liu lace lapatuka, nalibweza wosauzidwa. Pali tsiku limene mtsikana wamanyazi, amene sanayankhepo funso la masamu, atsogolera nyimbo, ndi anzace 40 amyankha. Malipiro a mphunzitsi ndi ang'ono, ndipo mau awa sadzagula sopo. Koma amene anaona tsiku lotere adziwa cifukwa cace ena a ife sitisiya coko.

Koma pano tiyenera kucenjera, pakuti cikondi ca kuphunzitsa ciri pawiri. Pali mphunzitsi wokonda ana, ndipo pali mphunzitsi wokonda kumveredwa. Onse awiri alawira m'mamawa, onse awiri atopa, ndi kwaya zao zonse ziwiri zikhoza kupambana pa mpikisano. Kukweza dzanja, anthu 60 nakhala cete, ndi cinthu cokoma, ndipo kukoma kwace kuledzeretsa monga mowa. Munthu akhoza kunena, Ndikonda nchito yanga, pamene cimene akonda ndi dzanja lace. Muyeso wace ndi uwu: mphunzitsi akadwala, kodi ana ayimba? Ngati nyimbo ifa tsiku limene iye palibe, iye sanaphunzitsa nyimbo, anaphunzitsa mantha. Ngati wina wa ana aimirira napatsa anzace liu loyambira, pamenepo nchito inagwiridwa.

Wina adzati, Kodi ana adzaongoka popanda ndodo? Si paja akuru anati kuongola mtengo mpoyamba? Inde, mwambo ufunika, ndipo m'bandi mwambo uli wolimba koposa m'nyumba ya sukulu. Wocedwa aononga nchito ya onse. Wokana kubwereza mzere umodzi kakhumi sadzayimba konse. Sindinena kuti mwana acite cimene afuna. Ndinena za malo amene mwambo ukhala. Ukakhala m'dzanja la mphunzitsi, utha pamene dzanjalo licoka. Ukakhala m'khutu la mwana, apita nao ku Joni, ku munda ndi ku ukwati. Wolima aimika mtengo pambali pa mbeu yanthete, osati kuti mbeu itsamire masiku onse, koma kuti tsiku lina iime yokha. Ndipo mwana wozolowera kumvera ndodo adzamvera ali yense woigwira, wabwino kapena woipa; koma wozolowera kumvera nyimbo adzazindikira pamene ng'oma inama.

Cifukwa cace, abale, tidziyese. Inu otsogolera kwaya, patsaniko wina mpata wa kuyambitsa nyimbo, mungakhale adzaiyamba pamwamba. Inu akuru a mpingo, funsani ngati mapemphero a m'mudzi mwanu acitika Sabata limene muli pa ulendo. Inu makolo, onani ngati mwana asesa pabwalo pamene muli ku cigayo. Ndipo pakuyesa ulendo wa mpingo kapena wa banja, tiyang'ane mwendo wa wamng'ono, wa nkhalamba ndi wa wodwala, tifupikitse phazi lathu. Ndodo ikhoza kufikitsa anthu kumene tifuna, koma atafika adzabalalika. Amene anadza cifukwa ca ng'oma adzafunsa tsiku lakubweranso.