Mwala Uli Kumanja, Dzina Sitilidziwa

Sabata yatha kuseri kwa nyumba yathu ku Chawama kunamveka mfuu: "Njoka!" Tisanafunse kuti ndi njoka yanji, tonse tinali titatola kale miyala. Woyamba kuponya ndinali ine. Itafa, ambuya anaitembenuza ndi kamtengo n'kutionetsa timizere toyererako m'mbali mwa mutu wake. "Mwapha mlonda wanu," anatero. Inali njoka yofiirira ija yokonda kukhala pafupi ndi nyumba. Ilibe ululu, ndipo chakudya chake ndi makoswe omwe aja amene amatiboolera matumba a unga.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi landikakamira: kodi mantha amatipatsa ufulu wopha chinthu chimene sitikuchidziwa?

Sindikunena kuti mantha ndi uchitsiru. Ku Zambia kuno kuli njoka zakupha. Mphiri ndi yaifupi, yonenepa, ya mutu waukulu wa ngodya zitatu, ndipo kawirikawiri siithawa, imangogona duu mpaka uiponde. Mamba amene timamutcha wakuda si wakuda thupi ayi, ndi wotuwa, chakuda ndi m'kamwa mwake. Kulinso njoka yotukula khosi n'kulavulira ululu m'maso. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a kumayiko otentha. Mayi amene waona njoka pafupi ndi mwana wake wokwawa sangayambe kuwerenga mizere, ndipo ine sindingamuweruze.

Koma ife tsiku lija panalibe mwana pangozi. Njoka inali kuthawa. Nthawi yoti tiime patali ndi kuiyang'ana tinali nayo. Chinatikoka ndi chisangalalo chokhala pagulu lomenya.

Apa ndiye pamene pandiopsa, chifukwa mfuu imeneyi ndimaidziwa. M'komboni wina akangokuwa kuti "Kawalala!", manja omwewo amatola miyala yomweyo. Mu 2020, mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba zitafalikira, magulu a anthu anapha anzawo pongowaganizira chabe. Amene anazolowera kuponya asanayang'ane pa njoka, tsiku lina adzaponya asanayang'ane pa munthu.

Kudziwa njoka sikutanthauza kuitola. Pali kanjoka kakuda kooneka kofatsa kamene kamabaya ndi dzino cham'mbali ngakhale utakagwira kumutu. Pakati pa kupha ndi kugwira pali njira yachitatu: bwerera m'mbuyo, chotsa ana, yang'ana mutu, mtundu ndi kayendedwe, ndipo ipatse mpata wotulukira. Munthu akalumidwa, musacheke bala kapena kumanga zolimba, thamangirani naye kuchipatala. Amene afuna kuona njoka zimenezi popanda ngozi angapite ku Kalimba Reptile Park, kunja pang'ono kwa Lusaka.

Kubwerera m'mbuyo kumaoneka ngati mantha pamaso pa anzako, koma kumafuna mtima wolimba kuposa kuponya. Woponya amatsatira gulu. Wofunsa kuti "ndi njoka yanji?" amaima yekha.

Makoswe abwerera m'nyumba mwathu. Usiku ndimawamva akusewera padenga, ndipo ambuya sanena chilichonse. Amangondiyang'ana m'mawa pamene ndikusoka thumba la unga.