Kodi wokhululukidwa aulule mlandu wake wakale?

Nyumba ilibe mtengo wolembedwa pakhoma ngati paketi ya shuga. Banki ikafuna chikole, boma likatenga munda kuti padutse msewu, kapena abale akamagawana chuma chamasiye, amaitana katswiri woyeza mtengo wa malo ndi nyumba. Ndalama imene iye walemba ndi imene imatsatidwa. Mayi wamasiye wa pa Mlangeni alibe potsutsira masamu ake, amangodinda chala.

N'chifukwa chake opereka ziphaso za ntchito zotere amafuna kudziwa kumene munthu wachokera. Ku America, kuyambira 2017, wopempha chiphaso cha ntchitoyi amayamba wafufuzidwa mbiri yake. Ku Malawi kuno olemba ntchito ambiri amaitanitsa kalata ya kupolisi, ija munthu amadindira zala kuti aone ngati khoti linamupezapo wolakwa.

Tsono pali mnyamata amene anamangidwapo, anagwira ukaidi wake, analapa, nkubwerera kusukulu. Fomu ikumufunsa za mlandu uja. Mumtima akuti: ngati Mulungu anakhululuka, anthu akufukuliranji?

Dandaulo lake ndi lomveka, koma likusakaniza zinthu ziwiri. Zimene munthu wanena mu Sakramenti la Kulapa, wansembe saziulula mpaka imfa. Fomu ija siifunsa za mzimu wake. Ikufunsa m'malo mwa mayi wamasiye uja, amene sadzapeza mpata wofunsa yekha. Ndipo katundu woyamba amene woyeza mtengo amamuyeza ndi iye mwini. Akabisa mng'alu pamenepo, wayamba ntchito ndi lipoti labodza, asanaone ndi nyumba imodzi yomwe. Zakeyu, wamsonkho wa ku Yeriko, anatchula yekha za kulanda kwake nalonjeza kubweza kanayi.

Komabe udindo waukulu uli kwa owerenga fomuyo. Ndewu ya pamowa ya zaka 15 zapitazo si chimodzimodzi ndi kupeka zikalata za malo chaka chatha. Ayenera kuona mtundu wa mlandu, zaka zimene zapita, ndi mmene munthuyo wakhalira chitulukireni m'ndende. Akamangotaya pambali fomu iliyonse yolembedwa “inde”, akuphunzitsa opempha onse kulemba “ayi”, ndipo chiphaso chidzapita kwa amene wanama bwino.