Kodi Mwana Alirira Ciani Posiyidwa ndi Amace?

Pali mau awiri amene amveka m'midzi mwathu pamene khanda lili kulira ndipo amace ali kudambo kapena kumunda. Wina ati, Ali ndi njala, mpatseni phala. Wina ati, Mlekeni, azolowera manja, adzatonthola yekha. Mau onsewa atuluka m'ganizo limodzi, ndilo lakuti mwana alibe cina cimene acifuna kwa amace koma bere lokha, ndi kuti kulira kotsalako ndi kupulupudza cabe. Mwezi uno tifuna kuyesa ganizo limeneli, ndipo mboni zathu zidzakhala mbewa. Musaseke, pakuti Solomo yemwe anatuma waulesi kukaphunzira kwa nyerere.

Anyamata okumba mbewa m'malimwe atidziwa tiana tace: tofiira, topanda ubweya, totseka maso. Mbewa zimene anthu ophunzira aziweta kuti azifufuze ziri za mtundu wa m'nyumba, si za kuchire, koma tiana tace tibadwa tosowa mphamvu comweco. Maso atseguka atapita ngati masabata awiri, ndipo tiyamwa ngati masabata atatu. Masiku oyambawo kamwana sikakhoza kudzifunditsa kokha. Kakagwa kunja kwa cisa kalira, koma ife sitikamva, pakuti khutu la munthu lilekeza pa mau onjenjemera ka 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo mau a kamwanako kawirikawiri apitirira 50,000. M'caka ca 1956 ophunzira awiri a ku Germany, Zippelius ndi Schleidt, analongosola za kulira kumeneku. Mace akumva, natuluka, nakanyamula pakhosi ndi kamwa, nakabwezera m'cisa.

Nanga kalirira ciani? Mu ubongo muli tizigawo tating'ono tosawerengeka, tochedwa maselo, ndipo gulu lililonse liri ndi nchito yace. Gulu lina lochedwa Agrp ndilo limvetsa njala mbewa yaikuru. M'caka ca 2019 Marcelo Dietrich ndi anzace, a sukulu yaikuru ya Yale ku America, anacotsa tiana ta masiku 10 m'cisa, napeza kuti maselo amenewa auka msanga ndi kuonjeza kulira. Koma poyesetsa anapeza kuti sikusowa mkaka kumene kuwautsa. Auka cifukwa ca kusowa mace ndi cisa, ndipo kufunda kuwagoneka pang'ono. Taonani cinthu codabwitsa: pamalo pomwe mbewa yaikuru imvera njala ya cakudya, kamwana kamvera njala ya mace.

Ndipo pali mboni yina. M'caka ca 2004 Francesca D'Amato wa ku Rome ndi anzace anayesa tiana tobadwa topanda kanthu kena ka mu ubongo, kamene kali ngati khomo lolandirira mankhwala oletsa ululu. Morphine wa kucipatala alowera pa khomo lomwelo, koma thupi lipanganso mankhwala ace otere. Tiana topanda khomoli tinalira monga tinzace pakumva kuzizira, koma pocotsedwa kwa mace tinalira pang'ono pokha, ndipo sitinasamala pfungo lace koposa la mbewa yina. Tiphunzirapo kuti kukhala ndi mace kutsitsa ululu m'njira yomweyo imene mankhwala autsitsira. Tsono ponena kuti kusiyana ndi wokondedwa kupweteka, sitinena fanizo lokha.

Apa wina wophunzira pang'ono adzaimirira nati, Mwaona! Cimene mucicha cikondi ndi mankhwala cabe oyenda m'mutu. Mwana sakonda amace, angofuna kuti ululu uleke. Mau awa aoneka anzeru, koma ayeseni. Munthu wosema ng'oma adziwa mtengo wace, adziwa cikopa, adziwa ndi phula lomata pakati. Kodi cifukwa ca kudziwa zimenezi adzati ng'oma yoitana anthu kumaliro siinena kanthu? Iai, adziwa kokha umo uthengawo uyendera. Buku la Genesis litiuza kuti munthu anaumbidwa ndi dothi. Ngati tsono Mlengi anafuna kuti mwana asalekane ndi womlera, akadacilemba kuti cifuniro cimeneci, koma m'dothi lomwelo? Ine ndiyesa kuti wopeza maselo aja wapeza colembera ca Mlengi. Sanatsutsa kuti alipo wolemba.

Koma tibvomere mbali imodzi kwa wotsutsayo, pakuti coonadi sicifuna kuti ticichinjirize ndi bodza. Kukangamira kwa khanda sikunafike pokhala cikondi cimene Malembo acilamulira, cifukwa khanda silisankha. Regina Sullivan ndi anzace ku America anaonetsa pa makoswe, abale ace a mbewa, kuti tiana tosafika masiku 10 tikanunkhiza pfungo lina pamodzi ndi kumva kuwawa, tiphunzira kulitsata pfungolo m'malo mwa kulithawa. Cifukwa cace cizindikirika: kamwana kothawa mace pamene waponda kapena kuluma kadzafa ndi cisanu, kotero kanalengedwa kokangamira ngakhale mace ali waukali. Mau awa ali olemera kwa ife akuru. Alipo atate ndi amai amene apanda mwana mwankhanza, nati, Onani anditsatabe, ndiye kuti sindinamcimwira. Kutsata kwa mwanayo sikukhala umboni wakuti muli wokoma mtima. Akutsatani cifukwa alibe kwina kopita, ndipo mlandu wanu ukula nako.

Cifukwa cace funso la cabwino ndi coipa liri pa wakumva kulirako. Ndipo apa mbewa zitiphunzitsa koposa. Mbewa yaikazi imene siinabalepo kawirikawiri siisamala kamwana kolira. Icita ngati siimva. Koma Robert Froemke ndi Bianca Marlin a ku New York anaonetsa m'caka ca 2015 kuti ikakhala masiku owerengeka pamodzi ndi mbewa yolera ana, iyamba nayo kutola tiana totayika. Mankhwala a m'thupi ochedwa oxytocin asanduliza mbali ya ubongo yakumva mau, makamaka ya kumanzere, kotero kuti kulira kumene kunali phokoso cabe kusanduka kuitana. Ndipo m'caka ca 2021 a nyumba yomweyo anaona mbewa zolera ziri kukankhira anamwaliwo m'cisa kawirikawiri, monga mai aphunzitsa mwana wace wamkazi. Khutu lakumva mwana wa wina liphunzitsika. Makolo athu anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo amene apeza ana amasiye m'nyumba imene akwatiwamo asanene kuti, Mtima wanga sunalengedwa kuwamva, pakuti si ine ndinawabala.

Sitinena kuti wolera wina afanana ndi mai m'zonse. M'caka ca 2024 Dietrich uja, pamodzi ndi Yuexuan Li, anapeza gulu lina la maselo pamalo ochedwa zona incerta, limene liuka pamene kamwana kabwezedwa kwa mace. Ndipo iwo eni pakuliutsa mwa kamwana kosiyidwa kokha, kulira kunacepa, ndi mankhwala a nkhawa m'mwazi anatsika. Mbewa zina, ngakhale zacilendo, zinaliutsanso gululo, koma pang'ono. Pang'ono si cabe, ndipo gogo kapena mlongo wonyamula mwana wamasiye asayese kuti nchito yace iri yopanda pace. Ku Japan, m'caka ca 2013, Kumi Kuroda ndi anzace anayesa makanda a anthu ndi tiana ta mbewa, napeza kuti onse akanyamulidwa ndi woyenda nao aleka kuphupha, kulira kucepa, ndi mtima ugunda pang'onopang'ono. Amai obereka mwana kumbuyo popita kucitsime anacidziwa ici kale lomwe, asanabwere makina.

Tisaiwale kuti mbewa si munthu, ndipo zimene zioneka mu ubongo wace sitingazisenzetse zonse pa mwana wathu. Ndiponso mtima wanga sukhala cete pokumbukira kuti nzeru zimenezi zinapezeka mwa kulekanitsa tiana ndi mace dala. Ocita comweco akhale ndi cifukwa cokwanira, ndi kufupikitsa nthawi ya kubvutikako, pakuti mwa umboni wao womwe atiuza kuti kusiyidwa kupweteka.

Catsala cinthu cimodzi cobvuta. Maselo aja a zona incerta, amene atonthoza kamwana, anawautsanso mwa mbewa zazikuru, ndipo m'menemo anaonjeza mantha ndi nkhawa. Ndiko kuti cimene cimanga mwana kwa mace cinapangidwira nyengo yace, ndipo nyengoyo ipita. Mu Salmo 131 Davide afanizira mtima wace ndi mwana amene analeka kale bere, nakhala phe pa amace wosapempha kanthu. Mwana wotere sanatonthola cifukwa anatopa ndi kulira kosayankhidwa. Anayankhidwa kufikira anakhulupirira. Koma kunja ana awiri okhala cete aoneka cimodzimodzi, wokhulupirira ndi wotaya mtima, ndipo kuwasiyanitsa kufuna maso a munthu wokhala nao masiku onse. M'midzi yambiri mwana woletsedwa kuyamwa atumizidwa kukagona kwa agogo ace, ndipo nthawi zina ataya bere ndi msana wa amace tsiku limodzi. Kodi kuli bwino kuti ataye zonse ziwiri pamodzi, kapena aleke bere poyamba, nakhalabe pafupi ndi amace masiku ena? Amai a Cigwirizano akambirane funso limeneli pa msonkhano wao, afunsenso agogo amene analandira ana otere usiku woyamba.