Zobisika m'chigwiriro cha chikwanje

Pogula chikwanje ambirife timayesa kuthwa kwake ndi chala, koma chikabuntha tupa amakonza. Ine ndimayang'ana chigwiriro. Chikwanje chabwino chitsulo chake chimalowa mpaka kumapeto kwa chigwiriro, n'kukhomedwa ndi misomali itatu. Wosula wina amachidulira pakati kuti chitsulo chimutsalire, n'kuphimba bwinobwino ndi thabwa lopala mokongola. Mukamufunsa anena kuti sananamize munthu, palibe amene anafunsa za m'kati. Ndiye walakwa? Kwa ine kukhala chete kumeneku ndi bodza ndithu, chifukwa iye akudziwa kuti wogula sangaphwasule chigwiriro pamsika kuti aone. Wogulayo adzadziwa tsiku limene chitsulo chidzaguluke n'kuuluka akudula nsungwi, mwana wake ataima pambali.