Kodi Kuyamikira Chithunzi cha Mwana N'kunama?

Mphunzitsi akapachika pakhoma zithunzi zimene ana ake ajambula ndi kuitana makolo kuti adzaone, pamabuka funso limene ambiri a ife timalizemba. Mwana wajambula ng'ombe ya miyendo isanu, mutu wake wonga wa galu, ndipo maso ake ali pa ife kudikira mawu. Tikati "chakongola," kodi sitinaphwanye lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa umboni wonama? Tikati "chaipa," kodi sitinathyole mmera usanakule?

Funsoli silikhudza ana a m'mizinda okha. Ku Chifunga, m'boma la Neno, pamsewu wochoka ku Zalewa kupita ku Mwanza, ana amakhala amisiri asanayambe n'komwe sukulu. Amaumba ng'ombe zadothi, amapinda mawaya kutsanzira malole amene amadutsa kulowera kumalire a Mozambique, amajambula mlambe pamchenga ndi chala kapena pachipupa ndi khala. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana otere adadzaza makalasi, ndipo luso la manja ndi limodzi mwa zimene amaphunzira. Tsono kholo lililonse ndi mphunzitsi aliyense ayenera kudziwa choyankha.

Pali mayankho awiri amene amaoneka anzeru, koma onse ndi osokeretsa. Loyamba ndi kushashalika. Timayamikira chilichonse ndi mawu amodzimodzi, pepala osaliyang'ana n'komwe. Mwana si chitsiru: sachedwa kuzindikira kuti mawu athu ndi opepuka ngati mungu, ndipo tsiku limene adzachite bwino koposa, tidzakhala tilibe mawu ena omupatsa. Lachiwiri ndi kusanja ana pamzere. Timasankha atatu opambana, timawaombera m'manja, ena onse nabwerera kwawo ataphunzira chinthu chimodzi, chakuti manja awo ndi achabe. Yankho loyamba limapha choona, lachiwiri limapha chikondi.

Mkhristu sangataye chimodzi mwa ziwirizi. Njira yake ndi kusintha chimene akuyeza. Tisayerekeze mwana ndi mnzake. Timuyerekeze ndi mmene iye mwini adaliri dzulo. Mphunzitsi wanzeru amasunga pepala la teremu yoyamba, nkudzaliika pambali pa la teremu yachitatu. Pamenepo choona chimaonekera chokha: ng'ombe ija tsopano ili ndi miyendo inayi, linunda lakhala pamalo pake, mchira walunjika. Tikanena kuti, "Mwanawe, apa wayang'anitsitsa, nyangazi wazitha, mawa tidzaone ziboda," sitinaname ndipo sitinalase mtima. Chiyamiko choona chimatchula chinthu ndi dzina lake, ndipo chimafuna kuti ifenso tiyambe tayang'ana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambuye Yezu adatiphunzitsa muyeso umenewu m'fanizo la matalente, pa Mateyo 25. Wantchito amene adapindula asanu ndi amene adapindula awiri adalandira chiyamiko chofanana, popeza aliyense adayenda ulendo wake mokhulupirika. Amene adadzudzulidwa ndi uja adakwirira talente yake pansi, ndipo chimene chidamukwiriritsa ndi mantha. Tidzifunse tsono: ndi ana angati amene adakwirira luso lawo chifukwa wamkulu wina adaseka pepala lawo pamaso pa anzawo? Mlandu wa talente yokwiriridwayo suli pa mwana yekha.

Wina adzati: kujambula sikudzaza nkhokwe, m'dera lotentha ndi louma ngati kumunsi kwa Neno, mwana alimbikire masamu ndi Chingerezi. Nkhawa imeneyi ndi ya kholo lachikondi, ndipo sitiyenera kuipeputsa. Komabe taganizirani chimene mwana amaphunzira pokonza ng'ombe yake. Amabwerera kukhola, nawerenga miyendo, navomera kuti chimene chili m'mutu mwake chasiyana ndi chimene chilipo, nafufuta, nayambanso. Kumeneku ndiko kugonjera choona, ndipo mmisiri wa matabwa, namwino ndi woweruza milandu onse amadya za khalidwe lomweli. Tikamunamiza mwana pa chithunzi chake, tikugwetsa phunziro lenileni limene chithunzicho chimamupatsa.

Mpingo sudaone luso la manja ngati masewera. Buku la Genesis limationetsa Mulungu akuumba munthu ndi dothi, kotero kuti mwana woumba ng'ombe m'mbali mwa mtsinje akusonyeza, mosadziwa, nkhope ya Namalenga. Pa Eksodo 31, Mulungu adadzaza Bezalele ndi mzimu wake kuti aseme ndi kusula zokongoletsa chihema chopatulika. Kwathu kuno, mu 1976, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni ku Mua, kumene amisiri a m'midzi adakulitsa luso lawo losema mpaka ntchito zawo zidalowa m'matchalitchi ambiri. Mmisiri aliyense wotere adayamba ndi chosema chokhota, ndipo padapezeka wina womuuza zoona mwachikondi. Mu 1999, m'kalata yake kwa amisiri a zaluso, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakumbutsa kuti ngakhale si onse adaitanidwa kukhala amisiri, aliyense adapatsidwa ntchito youmba moyo wake kuti ukhale chinthu chokongola.

Choncho tsiku loonetsa zithunzi likafika, tipite. Tipemphe kuti pepala la mwana aliyense lipachikidwe, lakale pambali pa latsopano. Tiime nthawi yokwanira pa lililonse, ngakhale la mwana wa mnzathu, kufikira titapeza chinthu chimodzi choona chimene tingachiyamikire. Ifenso tidzaima tsiku lina pamaso pa Mulungu ndi ntchito ya manja athu yokhotakhota, ndipo chiyembekezo chathu n'chakuti Iye amadziwa kumene tidayambira.