Kodi Mlandu Ungayende m'Magazi Monga Umayendera Ulemu?

Udindo wa Earl wa ku Oxford, womwe Mfumukazi Matilda inapatsa Aubrey de Vere cha m'ma 1141, unakhala m'banja limodzi mpaka 1703, pamene earl wa nambala 20 anamwalira osasiya mwana wamwamuna. Earl anali munthu wolemekezeka wokhala ndi minda yambiri, amene ankatumikira mfumu pa nkhondo ndi pa upo wa dziko, ndipo dzinalo linkapita kwa mwana wamwamuna woyamba popanda kufunsa ngati mwanayo ali ndi nzeru kapena khalidwe loyenera.

Lamulo lomwelo limene linkati ulemu umayenda m'magazi linkanenanso kuti mlandu umayenda m'magazi. Munthu akapezeka wolakwa pa mlandu woukira mfumu, nyumba ya malamulo inkatha kumugwetsera chilango chotchedwa attainder, chomwe tanthauzo lake linali lakuti magazi ake aipitsidwa, kotero kuti sakanatha kulandira cholowa kapena kusiyira ana ake dzina ndi minda. Apa lamulo la dziko lachikhristu linasemphana ndi chiphunzitso cha m'buku la Ezekieli, mutu 18, chakuti munthu aliyense amayankha pa tchimo lake, osati la bambo ake.

Banja la de Vere linalawa zonsezi. Robert, earl wa nambala 9, yemwe anali bwenzi lapamtima la Mfumu Richard II, analandidwa zonse mu 1388 ndipo anafera kunja kwa dziko mu 1392, koma pasanapite nthawi dzinalo linabwezedwa kwa Aubrey wina, mbale wa bambo ake. John, earl wa nambala 13, amene bambo ake ndi mkulu wake anadulidwa mitu mu 1462, anagwetseredwa chilangocho mu 1475 ali m'ndende ya ku Hammes pafupi ndi Calais, ndipo olemba mbiri amati mkazi wake Margaret, yemwe sanagwirepo lupanga, anasauka mpaka kumadalira singano ndi chifundo cha anthu. John anathawa m'ndendemo, natsogolera gulu lakutsogolo la asilikali a Henry Tudor pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485, ndipo chaka chomwecho, Henry atakhala mfumu, nyumba ya malamulo inafafaniza chilango chake.

Magazi a John sanasinthe pakati pa 1475 ndi 1485; chimene chinasintha ndi munthu wokhala pampando wachifumu. Choncho nkovuta kuvomereza kuti kuipitsidwa kwa magazi kunali chinthu chenicheni cha m'thupi kapena cha mumzimu, popeza chinthu chimene mfumu imodzi ingachiike n'kudzachotsedwa ndi inzake ndi chida cha ulamuliro basi, ndipo nkhanza yake yaikulu inkagwera akazi ndi ana amene sanafunsidwepo za mbali imene mwini nyumba anasankha.

Funso lovuta kwambiri likutsalira kumbali ya ulemu, pakuti amene akukana kuti mwana asenze mlandu wa bambo ake ayeneranso kufotokoza chifukwa chimene mwana yemweyo ayenera kulandirira dzina limene sanalikhetsere thukuta.